Foni yadzipanga yokha update usiku, tsopano ikundizunza

Nachisale: Abale anga, ndithandizeni ndisanaimenyetse kukhoma foniyi. Kwa milungu itatu yakhala ikundivutitsa kuti ndipange update, ine n'kumangoikankhira mawa. Dzulo ndinaisiya pa tchaja ngati masiku onse. Lero ndadzidzimuka kunja kutayera kale, alamu sinalire. Kuti ndiione, ili duu, ikufuna PIN, chala ikukana. Nditangoitsegula, mauthenga a usiku wonse n'kuyamba kugwa ngati matalala, ena a abwana. Kuntchito ndafika mochedwa ndi ola lathunthu.

Zikanathera pomwepo bwenzi nditangokhululuka. Batire lomwe limandifikitsa madzulo, lero pofika 12 koloko linali pa 35. Ikutentha ngati ndaiyanika padzuwa. Zizindikiro zonse zasintha maonekedwe, poyatsira Wi-Fi pasamuka, ndipo mwabwera ma app atatu amene sindinawaitane, awiri ndi magemu. Ndi ya Android, ndakhala nayo zaka ziwiri. Mafunso anga ndi awiri: ndingabwerere bwanji ku zakale zija, nanga ndingaitseke bwanji kuti isadzayambirenso mpaka kalekale?

Bambo a Tadala: Pepani achemwali. Mwalowa m'gulu lathu. Ine ndinanena kale pano kuti update ndi njira yoti atigulitse foni yatsopano. Imene ikugwira bwino ntchito amaisinthiranji?

Thoko: Kkkk zandichitikirapo za alamuzi. Ndinkaganiza kuti ndinaithimitsa ndekha kutulo.

Yamikani Wokonza Mafoni: Achemwali a Nachisale, ndikufunseni kaye. Alamu yanu ndi ya wotchi yobwera ndi foni, kapena munachita kutsitsa app ina pa Play Store?

Nachisale: Ndinatsitsa ina, ija imakufunsa masamu kuti isiye kulira. Yobwera ndi foni ndimangoithimitsa n'kugonanso.

Yamikani Wokonza Mafoni: Ndiye mlandu wa alamu tauthetsa. Foni ikathima n'kuyakanso, zinthu zanu zonse zimakhala zokhomedwa mpaka mutalowetsa PIN koyamba. Panthawi imeneyo ma app ambiri sadzuka n'komwe. Amene amaloledwa ndi ochepa opangidwira zimenezo, monga wotchi yobwera ndi foni komanso mbali yolandira mafoni. N'chifukwa chake mauthenga anu anadikira mpaka m'mawa, n'chifukwa chakenso chala chinakana: ikangoyaka kumene imafuna PIN basi. Kachitidwe kameneka kanayamba ndi Android 7 mu 2016. Amene muli ndi PIN pa SIM khadi ndiye zimaposa apa, chifukwa ngakhale okuimbirani sakupezani mpaka mutaitsegula.

Za batire musathamange nazo. Update yaikulu ikalowa, foni imakhala ndi ntchito yakuseri: imakonzanso app iliyonse kuti igwirizane ndi dongosolo latsopano, imawerenganso zithunzi ndi mafailo, ndipo imayambiranso kuphunzira ma app amene mumagwiritsa ntchito kwambiri. Zimenezi zimadya moto, zimatenthetsa. Ipatseni masiku atatu kapena anayi, usiku izigona pa tchaja. Ikadutsa sabata ikadali chomwecho, pamenepo tikambirane zina.

Nachisale: Chabwino ndidikira. Nanga zobwerera ku yakale?

Yamikani Wokonza Mafoni: Yankho lake silikukondweretsani. Pa Settings palibe batani lobwerera. Ngakhale mutapanga factory reset, mungotaya zithunzi zanu pachabe, foni idzayaka ndi update yomweyo. Ambiri amabwera kwa ine atafufuta kale zonse poganiza kuti ibwerera mmene inalili pogula. Reset imachotsa zanu, za kampani imazisiya.

Madalitso: Bodza limenelo madala, kubwerera kumatheka. Mumangotsitsa firmware yakale, pulogalamu yonse yoyendetsa foni, pa kompyuta n'kuifulasha, ndiye kuti kuilowetsa mu foni kudzera pa chingwe. Ine ndapangapo kawiri konse. Achemwali ndipatseni model ndikupezereni link.

Yamikani Wokonza Mafoni: Mphwanga, sindinanene kuti kufulasha kulibe, ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Koma uwauzenso mbali inayo. Mafoni ambiri a masiku ano ali ndi chotchinga chotchedwa anti-rollback. Mkati muli kanambala kamene update zina zimakakweza, ndipo kakakwera sikatsikanso. Ukaika firmware ya nambala yotsika, ukachita mwayi foni imangokana. Ukachita tsoka siyakanso, imasanduka njerwa. Pa Samsung nambalayi imaoneka m'dzina la firmware momwemo, timayamba taiona tisanagwire chingwe. Pa iPhone ndiye chitseko chimatsekedwa ndi eni ake: iOS iliyonse imafuna chilolezo cha Apple kuti ilowe, ndipo yatsopano ikatuluka, pakangopita sabata imodzi kapena ziwiri amasiya kuvomereza yakale.

Kuwonjezera apo, mafoni ambiri kuti uwafulashe umayenera kutsegula bootloader, kapulogalamu kamene kamayatsa foni n'kulondera zimene zikulowamo. Kutsegulako kumafufuta zonse, ndipo ma app a banki ambiri amakana kugwira pa foni yotsegulidwa. Ndiye munthu wadandaula za magemu awiri, iwe ukufuna ataye zithunzi ndi app ya banki?

Madalitso: Ine yanga ikugwira bwinobwino.

Thoko: Yako ija yosalowa mu app ya banki ija? Si iwe unkadandaula pano mwezi watha?

Madalitso: Imeneyo ndi nkhani ina.

Bambo a Tadala: Inu a Yamikani mukuchita ngati loya wa makampaniwa. Tiyeni tinene zoona. Mu January 2017 Apple inatulutsa iOS 10.2.1. Mkati mwake munali chinthu chochepetsa liwiro la iPhone 6, 6s ndi SE batire likakalamba. Anthu sanauzidwe. Anadandaula chaka chonse kuti mafoni akuchedwa, n'kumauzidwa kuti ndi maganizo awo chabe. Zinatengera John Poole wa Geekbench, pulogalamu yoyeza liwiro la mafoni, kutulutsa manambala mu December 2017 kuti kampani ivomere. France inawalipiritsa ma euro 25 miliyoni mu 2020, ku America anavomera kulipira ndalama zofika madola 500 miliyoni. Ndiye wina azindiuza kuti update ndi yondifunira zabwino? Ine yanga ndinaitseka zaka zitatu zapitazo, ndipo ndimagona tulo.

Yamikani Wokonza Mafoni: Bambo a Tadala, zonse mwanenazo ndi zoona, sinditsutsapo ngakhale chimodzi. Ndingowonjezera chifukwa chimene iwo anapereka: batire lokalamba limalephera kupereka mphamvu yokwanira foni ikafuna yambiri mwadzidzidzi, ndiye inkangothima yokha ngakhale ili pa 30. Kuchepetsa liwiro kunkaletsa kuthimako. Ife okonza timadziwa kuti vuto limenelo ndi lenileni. Pamene analakwa ndi pobisa. Munthu akanauzidwa kuti vuto ndi batire, akanasintha batire. M'malo mwake ambiri anagula mafoni atsopano. Chilango cha ku France chinali cha kusauza anthu kumeneko. Pambuyo pake, mu iOS 11.3 ya 2018, m'pamene anaika Battery Health kuti mwini foni azidzionera yekha.

Koma zoti munatseka zaka zitatu ndipo mumagona tulo, ine ndi zimene zikundisowetsa tulo.

Bambo a Tadala: Yandichitira chiyani? Palibe.

Anabanda: Ndiloleni ndilowepo, poti ntchito yanga ndi yoyang'anira makompyuta ndi mafoni a pa ofesi. Bambo, vuto la chitetezo silimveka kuwawa ngati dzino. Mu 2015 katswiri wina, Joshua Drake, anapeza bowo mu Android lotchedwa Stagefright. Munthu ankangofunika kudziwa nambala yanu n'kukutumizirani MMS, meseji ya chithunzi kapena vidiyo, yokonzedwa mwapadera, ndipo pa mafoni ena simunkafunika n'komwe kuitsegula. Mafoni pafupifupi 950 miliyoni anali pachiopsezo. Kuchokera pamenepo m'pamene Google inayamba kutulutsa zigamba za chitetezo mwezi ndi mwezi. Mu 2019 panali lina pa WhatsApp: ankangokuimbirani, ngakhale osayankha, pulogalamu yaukazitape ya Pegasus n'kulowa. WhatsApp inati anthu pafupifupi 1,400 anakhudzidwa, ndipo inasumira NSO Group, kampani yopanga Pegasus. Mankhwala ake onsewa anali update yomweyi tikuitukwanayi.

Choopsa china n'chakuti chigamba chikatuluka, bowolo limadziwika kwa aliyense. Akuba amaona chimene chakonzedwa n'kuyamba kusaka amene sanakonze. Foni ya zaka zitatu yosalandira kanthu ili ndi mabowo amene analembedwa poyera kalekale.

Bambo a Tadala: Pegasus angaitumize kwa ine? Ndine nduna ine?

Anabanda: Pegasus ayi, ndi yodula, amasakira atolankhani ndi andale. Koma mu foni mwanumo muli app ya banki, muli imelo, mumalandiriramo manambala achinsinsi otsimikizira. Wakuba wamba zimenezo zimamukwanira.

Nachisale: Ndiye mwandisokoneza tsopano. Wina akuti tseka, wina akuti usatseke. Ine sindikukana chitetezo. Chikundipweteka n'choti foni ndinagula ndi ndalama zanga, koma wina ali kutali akuganiza yekha kuti lero ithima 3 koloko usiku, mawa ioneka mwakuti, ndipo alowetsamo magemu ake. Mwini wake ndani pamenepa?

Anabanda: Funso limenelo ndi lolondola, ndipo palibe amene angakutsutseni. Chimene chimasokoneza n'choti dzina loti update timaitanira zinthu zosiyana. Pali ya ma app, yochokera pa Play Store kapena App Store. Pali chigamba cha chitetezo, chaching'ono, chosasintha maonekedwe. Ndiye pali yaikulu yosintha nambala ya Android kapena iOS, imene yakugwerani inuyi. Pa Android palinso yachinayi yobisika, Google Play system update, imene inayamba ndi Android 10 mu 2019. Imeneyo imalowa mwakachetechete, ambiri sadziwa n'komwe kuti ilipo.

Kudandaula kwanga ndi makampaniwa n'koti amamangirira pamodzi zofunika ndi zosafunika. Ukakana nambala yatsopano, kawirikawiri zigamba zachitetezo zimasiyanso kukupeza, chifukwa zotsatirazo amazipangira nambala yatsopanoyo. Apple inayesako kulekanitsa mu 2021, pamene inalola anthu kukhalabe pa iOS 14 n'kumalandira zigamba iOS 15 itatuluka, koma patangopita miyezi yochepa mwayiwo unatha. Ndiye ine sindiuza munthu kuti atseke mpaka kalekale. Ndimamuuza kuti alande mphamvu yosankha tsiku ndi ola.

Thoko: Tiuzeni podina pake amayi, zambirizi tamva.

Yamikani Wokonza Mafoni: Ndiyankhe ineyo poti ndimazidina tsiku lililonse. Mayina amasiyana pang'ono malinga ndi foni, koma njira yake ndi iyi.

Pa Android lowani mu Settings, pezani Software update kapena System update. Mukapeza mawu onena za kutsitsa yokha pa Wi-Fi, thimitsani. Ena alinso ndi batani lololeza kuika update usiku, limenelo ndi limene lakulumani a Nachisale, thimitsaninso. Kenako pitani pa About phone, dinani Build number kasanu ndi kawiri motsatizana, ikufunsani PIN, ndipo patuluka Developer options. Mmenemo muli Automatic system updates. Limeneli ndi limene limalola foni kumaliza update ikangothima n'kuyaka. Thimitsani lokhalo, zina zonse mmenemo musakhudze, chonde. Ndalandirapo mafoni a anthu amene analowa mmenemo n'kuyamba kudina chilichonse.

Ma app: tsegulani Play Store, dinani kachithunzi kanu pamwamba, Settings, Network preferences, Auto-update apps. Sankhani Wi-Fi yokha kapena kuletseratu. Mukhozanso kuletsa app imodzi yokha: itsegulani mu Play Store, dinani timadontho titatu, chotsani chizindikiro pa auto update. Mafoni ena ali ndi sitolo yachiwiri ya kampani yopanga foniyo, nayonso ili ndi batani lake. Kawirikawiri magemu osaitanidwa aja amadzera kumeneko.

Koma ndisakunamizeni. Zimenezi zimachedwetsa, sizitseka. Chikumbutso chizibwerabe, ndipo mafoni ena mukakana kwa nthawi yaitali amadzaika okha.

Chisomo: Nanga ife a iPhone?

Yamikani Wokonza Mafoni: Settings, General, Software Update, Automatic Updates. Muona mabatani osiyana, lotsitsa ndi loika. Thimitsani amenewo, koma lokhudza zachitetezo lisiyeni loyaka. Ngati yatsitsa kale ndipo ikungodikira usiku, pitani pa General, iPhone Storage, ipezeni pamndandanda, ifufuteni. Malo anu abwerera. Ndipo samalani ndi kachikumbutso kamene kamakupemphani passcode mutadina kuti pambuyo pake. Mukalowetsa passcode pamenepo mwavomera kuti iike usiku womwewo. Ambiri amene amati sindinavomere, anavomera pamenepo osadziwa.

Nachisale: Eee. Mwina inenso ndinadina chinachake chofanana ndi chimenecho ndili ndi tulo. Sindikukumbuka.

Chisomo: Ine changa ndi bandulo. Ndinalumikiza foni ku Wi-Fi ya kachipangizo koyenda nako kaja, bandulo ya mwezi inatha tsiku limodzi. Foni imaona ngati Wi-Fi iliyonse ndi yaulere.

Anabanda: Iuzeni kuti ndi yolipira. Pa Android dinani dzina la Wi-Fi imeneyo, musankhe kuti ndi metered. Pa iPhone yatsani Low Data Mode pa Wi-Fi yomweyo. Update yaikulu imatha kupitirira ma GB awiri kapena atatu, osawerengera ma app onse amene amatsatira pambuyo pake.

Mphatso: Ine ndili ndi nkhani yoposa zonsezi, ndipo mpaka lero imandiwawa. Mayi anga ndinawagulira foni, ndinawaikira PIN ndekha, kenako chala. Kwa miyezi yambiri ankangotsegula ndi chala, PIN ikafunika ndinkawalowetsera ine kapena mlongo wanga. Kenako ine ndinasintha PIN ya foni yanga, ya iwo ija inandichoka m'mutu. Tsiku lina foni yapanga update usiku, m'mawa ikufuna PIN. Mayi sakuidziwa, mlongo wanga akuti ankangoyerekeza ya ine yakale, ine ndayesa zonse zimene ndikukumbuka mpaka foni inayamba kutidikiritsa. Mapeto ake tinafufuta. Munali zithunzi za malemu bambo za chaka chawo chomaliza, ndi mawu awo amene ankatumizira mayi. Backup kunalibe, poti ndinaithimitsa ndekha kuti isamadye bandulo.

Sindikudziwa kuti ndikwiyire ndani. Kampani sinafufute kanthu, tinafufuta ndife. Koma ikanapanda kudzithimitsa yokha usiku umenewo bwenzi mawu a bambo alipo.

Nachisale: Pepani kwambiri achimwene. Zanga za alamu zachepa.

Bambo a Tadala: Pepani mwana wanga. Zomvetsa chisoni.

Yamikani Wokonza Mafoni: Pepani achimwene. Anthu otere amandipeza pafupipafupi, ndipo ndilibe chowathandiza nacho. Mafoni a masiku ano zinthu zake zimakhala zokhomedwa ndi kiyi wochokera ku PIN yomweyo. Popanda PIN, ngakhale nditachotsa chipu n'kuchiwerenga pa makina, ndimangoona zinyalala. Amene akukulonjezani kuti atsegula osataya kanthu pa foni yatsopano, mufunseni kawiri. Chimodzi chokha yesani: ngati mawuwo bambo ankatumiza pa WhatsApp, foni imene ankatumizira ija ikhoza kukhala nawo, ngati ilipo. Onaninso ngati mayi sanatumizireko achibale ena.

Mphatso: Foni ya bambo ili ndi amalume. Sindinaganizepo zimenezo. Ndiwaimbira madzulo ano.

Thoko: Ine ndangopita kukalemba PIN ya agogo papepala pompano. Chaona mnzako chapita.

Madalitso: Koma ine ndikubwerezabe, app ikasintha moipa mukhoza kuika yakale. APK zakale, mafailo oikira app, zili mbwee pa intaneti. Zimenezo ndiye simunganditsutse.

Anabanda: Zimatheka, koma taonani mmene zimakhalira. Android salola kuika yakale pamwamba pa yatsopano, ndiye muyenera kuchotsa kaye app, ndipo zimene zinali mkati zimapita. Kenako mukutenga failo kwa munthu amene simukumudziwa n'kulipatsa chilolezo cha mauthenga ndi zithunzi zanu. Pomaliza, ma app olumikizana ndi seva amakhala ndi tsiku lotha ntchito. WhatsApp yakale imafika pokuuzani kuti siitsegukanso mpaka mutaika yatsopano. A banki ndiye sachedwa n'komwe.

Njira yabwinoko ilipo pa ma app obwera ndi foni. Lowani mu Settings, Apps, sankhani app, pa timadontho titatu pali Uninstall updates. Imabwerera mmene inalili kufakitale. Mu March 2021 anthu ambiri anapulumukira pamenepa, pamene update ya Android System WebView, kachidutswa kamene ma app amaonetsera masamba a pa intaneti, inachititsa kuti Gmail ndi ma app ena azingodzitseka. Anthu ankaganiza kuti mafoni awo afa, ena anafufuta zonse, chonsecho vuto linali kachidutswa kamodzi, ndipo Google inakonza pasanathe tsiku.

Bambo a Tadala: Mwaona? Mwanena nokha. Update inaononga.

Anabanda: Inde, ndipo si kamodzi. Mu September 2014 iOS 8.0.1 inachotsa netiweki ndi Touch ID, yotsegulira ndi chala, pa iPhone 6, moti Apple inaichotsa tsiku lomwelo. Amene anavutika ndi amene anathamangira kudina itangotuluka. N'chifukwa chake ku ofesi kwathu yaikulu timaidikiritsa milungu iwiri kapena itatu, timve kaye kulira kwa ena, nthawi zambiri pamatuluka kachigamba kokonza zolakwika zoyamba. Koma yachitetezo sitidikira. Kusiyana kwa ine ndi inu bambo n'koti ine ndimadikira milungu itatu, inu mwadikira zaka zitatu.

Bambo a Tadala: Nanga za Pixel 4a mukuti bwanji? January 2025, foni yoti anasiya kale kuipatsa ma update, mwadzidzidzi Google n'kutumiza ina yochepetsa mphamvu ya batire. Anthu batire likutha theka la tsiku. Pamenepo anasankha tsiku ndi ola ndani?

Yamikani Wokonza Mafoni: Pamenepo mwagwira mfundo. Chifukwa chake chinali mabatire ena amene ankaopedwa kuti atenthedwa, koma poyamba sanafotokoze bwino, zinadzamveka pamene boma la Australia linalengeza kuti mafoniwo ali ndi chiopsezo. Google inapereka mwayi wosinthitsa batire kapena kulandira kangachepe. Zinachitikaponso ndi Galaxy Note 7 mu 2016, mabatire ake atayamba kuyaka moto. Samsung inaitanitsa mafoni onse, ena anakakamira osabweza, ndiye inatumiza update yoti batire lisapitirire 60 peresenti, kenako ku America ina yoti lisatchajenso n'komwe. Ineyo pa Note 7 ndimawavomereza, foni inkayaka m'matumba mwa anthu mpaka inaletsedwa m'ndege. Koma zikutsimikiza zimene a Nachisale anafunsa zija. Dzanja lawo limafika m'thumba mwanu nthawi iliyonse akafuna.

Chisomo: Ine ndimadabwa kuti tikudandaula ma update ochuluka pomwe mchemwali wanga akudandaula kuti yake sinalandireko n'kamodzi komwe chigulireni.

Anabanda: Ndiwo ambiri amenewo. Mafoni otchipa ambiri amalandira chaka chimodzi kapena ziwiri, ena osalandira n'komwe. Google inalonjeza zaka 7 kuyambira pa Pixel 8 mu 2023, Samsung n'kutsatira pa Galaxy S24 mu 2024. Ku European Union lamulo linayamba pa 20 June 2025 loti foni yatsopano izilandira ma update kwa zaka zosachepera 5 kuchokera pamene asiya kuigulitsa. Kuti muone pamene yanu ili, pa About phone pali deti la security update. Likakhala la zaka ziwiri zapitazo, dziwani kuti anakusiyani.

Thoko: Mnzanga yake itangomaliza update panatuluka mzere wobiriwira kuchokera pamwamba mpaka pansi. Akuti ndi update yaononga sikirini. Zoona?

Yamikani Wokonza Mafoni: Mzere umenewo ndi wa sikirini za OLED, ndipo ukatuluka sufufutika ndi pulogalamu iliyonse, ndi galasi lenilenilo kapena kachingwe kake. Jambulani screenshot muitumize pa foni ina, muona mzere mulibe. Mmene ndimaonera ine, sikiriniyo imakhala inali kale yofooka, ndiye kutentha kwa nthawi ya update kumangomalizitsa. Auzeni apite kwa eni mtundu wa foniyo asanabwere kwa ife, makampani ena amasintha ulere pa vuto limeneli, koma tikangoitsegula ife mwayiwo watha. Ndipo popanga update chotsani chikuto, musaiike pansi pa pilo.

Nachisale: Ndabweranso patha masiku anayi. A Yamikani munanena zoona pa batire, dzulo lafika 7 koloko madzulo lili pa 22. Silinafike mmene linalili kale koma ndi zopiririka. Kutentha kwasiya. Magemu awiri aja ndachotsa, app yachitatu ikukana kuchoka, palibe batani lochotsera.

Yamikani Wokonza Mafoni: Imeneyo anaiika ngati mbali ya dongosolo. Dinani Disable, ibisika ndipo siidzukanso. Muionenso update ina ikadzalowa, zina zimadzukanso.

Nachisale: Ndapanga. Mabatani onse aja ndathimitsa, backup ya zithunzi ndayatsa, alamu ndaika ziwiri, ina pa wotchi yobwera ndi foni. Chokhacho poyatsira Wi-Fi mpaka lero chala chikumapitabe pakale.

Bambo a Tadala: Ine ndayang'ana deti lija mwanenali. Sindikuuzani kuti ndi la liti. Nanga ndikati ndipange tsopano, zilowa zonse za zaka zitatu nthawi imodzi?

Yamikani Wokonza Mafoni: Kkkk bambo mwagonja? Mafoni ambiri amalowetsa imodziimodzi, ikatha ina n'kubwera ina, ndiye patulani tsiku loti simukupita kulikonse. Yambani mwasunga zithunzi ndi macheza a WhatsApp. Tsimikizani kuti PIN mukuidziwa ndiponso pasiwedi ya akaunti ya Google, chifukwa zikavuta n'kufuna reset idzakufunsani imeneyo. Batire lipitirire theka, malo opanda kanthu akhalepo ma GB angapo, ndipo ikaima pa chizindikiro cha kampani kwa mphindi khumi musaithimitse, isiyeni.

Bambo a Tadala: Sindinagonje. Ndangofunsa.

Mphatso: Ndapita kwa amalume. Foni ya bambo inali mu dirowa, batire litatupa. Tasinthitsa, yayaka, inalibe loko. WhatsApp yake ikukana kutseguka, ikuti ndi yakale, koma mu mafailo tapezamo mawu 14. Ndawakopera pa kompyuta ndi pa memory khadi. Mayi sindinawauzebe, ndikufuna ndikawapatse ndekha Loweruka.